Masiku awiri ndi oyimba ng'oma a ku Brazil: K20,000 yanga inabwerako, koma osati yonse

Ntchito yanga ndi yowamba ng'oma. Ndili ndi kashedi ku Chinamwali, kuseri kwa nyumba, komwe makwaya ndi masukulu amabweretsa ng'oma zawo zikang'ambika kapena zikasiya kulira. Ndiye mphwanga atandionetsa pa foni kuti kukubwera gulu la oyimba ng'oma za samba la ku Brazil, lomwe likuyendera mayiko a kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo lidzaphunzitsa masiku awiri muno mu Zomba kenako n'kuyimba Loweruka madzulo, mtima unadumpha. Mtengo wake unali K20,000, maphunziro ndi tikiti ya Loweruka pamodzi. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo, inuyo mukalipire ndalama kuti akakuphunzitseni ng'oma? Inuyo?" Ndinalipirabe.

Zowawa ndiyambe nazo kuti zichoke pakhosi. Anatiuza 9 koloko m'mawa Lachinayi, koma tinayamba 11 itadutsa, ati galimoto ya ng'oma inachedwa kunyamuka ku Blantyre. Izo ndi za pamsewu, sindingakwiye nazo. Chomwe chinandiwawa n'chakuti pa chikalata analemba kuti atenga anthu 30 okha, koma titawerengana tinapitirira 50, pomwe zida zinalipo 24. Okonza ake, omwe ndi anzathu a konkuno, anangoona ndalama. Theka la nthawi unkangotsamira khoma n'kumaomba m'manja, kudikira kuti mnzako atope, ndipo munthu amene wangogwira kumene ng'oma yachilendo satopa msanga. Holo yake ya malata yopanda siling'i, phokoso limabwerera lonse m'makutu. Chakudya chamasana chomwe analonjeza chinali bani mmodzi ndi chakumwa cha m'botolo.

Koma atangotsegula zikwama za ng'omazo ndinaiwala njala.

Ine ndinazolowera gogo la mtengo losemedwa, chikopa cha ng'ombe kapena cha mbuzi, zikhomo, kaphula pakati, ndi moto woti uyanikepo ng'oma ikazizira. Zawozi ndi zachitsulo chopepuka. Yaikulu kwambiri, yomwe amaitchula surdo, ili ngati mgolo wodulidwa pakati, koma ukainyamula umadabwa kupepuka kwake. Amaikoleka paphewa ndi lamba n'kumayenda nayo. Ili ndi nkhope ziwiri. Yomwe ndinapatsidwa ine inali ndi chikopa pamwamba, nayiloni pansi. M'mbali mwake muli timizati tachitsulo toyenda kuchokera kumwamba mpaka pansi, kumapeto kwake manati. Mnyamata wina wa gululo anakhala pansi ndi sipanala, n'kumakunga nati mmodzi uku, wina kutsidya, kugogoda ndi chala, kumvetsera, kukunganso. M'mphindi zisanu ng'oma inasintha mawu ine ndikuona. Ndinakumbukira maukwati onse omwe gule anaima kaye chifukwa mpanje wazizira ndipo ana akusakasaka mapesi oti akolezere moto. Sindikunyoza zathu, chifukwa chikopa chowambidwa pa mtengo chili ndi mawu onenepa omwe nayiloni sangawafikire. Koma sipanala ija ndinaichitira nsanje.

Ma surdo alipo amitundu itatu. Primeira ndiye wa mawu okuya kwambiri, ndipo amagunda pa chiwerengero chachiwiri. Segunda amamuyankha pa choyamba. Terceira, wocheperapo, ndi yekhayo wololedwa kusewera pakati pa awiriwo. Mtsogoleri wawo, yemwe amamutchula mestre, bambo wamfupi wa imvi za m'ndevu, anandiyang'ana mapewa n'kundipatsa segunda. Ntchito yanga inali iyi: kumenya kamodzi ndi chibonga chokutidwa nsalu, kenako kugwira chikopa ndi dzanja lamanzere kuti chitonthole pamene mnzanga wa primeira akumenya. Basi. Kamodzi, gwira. Kamodzi, gwira.

Munthu amene wayimba ng'oma kuyambira ali ndi zaka khumi, manja ake sakhala chete. Patapita mphindi zochepa dzanja langa linayamba kuponyamo timikwingwirima ta beni lokha, osandifunsa. Wezulo inalira. Onse anaima. Mestre anandiloza, n'kunena liwu limodzi: "Menos." Mayi wina amene ankatithandiza kumasulira anatembenuka mwaulemu n'kuti, "Bambo, akuti chepetsani." Tinayambiranso. Wezulo inaliranso. "Bambo, akuti chepetsaninso." Panali ana a sekondale pamenepo, ena oti ng'oma za kusukulu kwawo ndinawamba ndine, ndipo ndinawaona akubisa kuseka. Kachitatu ndinadziletsa, ndinamenya kamodzi kokha kaja n'kutchera khutu. Pamenepo m'pamene ndinamva chomwe ankafuna. Mpata womwe ine ndinkaudzaza unali ndi mwini wake kale. Terceira ankadutsa momwemo, ndipo ine ndinkamutsekera njira. Kwathu ng'oma zimakhala zitatu kapena zinayi, aliyense ali ndi bwalo loti atambasukepo. Kwawoko gulu limodzi la ng'oma, lomwe amati bateria, limatha kukhala ndi anthu opitirira 200 pa chikondwerero cha Carnaval ku Rio de Janeiro. Aliyense akati aonetse luso lake, chotuluka n'chiphokoso cha pamsika. Phunziro limeneli lokha ndi lomwe ndingati linabweza theka la ndalama yanga.

Za mayi womasulira uja ndinenepo. Sanali pa ndondomeko. Womasulira amene okonza anabweretsa ankadziwa Chingerezi chokha, pomwe mwa alendo khumi ndi mmodzi aja, awiri okha ndiwo ankachilankhulako. Mayiyu anabwera kudzaperekeza mwana wake, ndipo zinapezeka kuti anakulira ku Milange, Chipwitikizi amachidziwa. Anati cha ku Brazil chimamveka ngati munthu akuyimba, koma ankamvana nawo. Anagwira ntchito masiku awiri onse. Ngati okonza aja akuwerenga pano, mayi amenewo muwabwezere ndalama ya mwana wawo.

Ng'oma yomwe inanditenga mtima ndi repinique. Ndi yaing'ono, yokungidwa kwambiri, mawu ake akuthwa ngati mbale yachitsulo yagwa pa simenti. Amaiyimba ndi kamtengo kamodzi ndi dzanja. Ndiyo imaitana, ena onse n'kuyankha. Amene anaonerapo gule wamkulu akudziwa ntchito ya mbalule, mmene imalankhulira ndi wovina n'kumulamula potembenukira. Repinique ndi mbalule wawo, kungoti iyo imalamula ng'oma zinzake. Mestre ankaponya mawu, ife n'kubweza, akaponya ataliatali ife n'kusokonezeka, iye n'kuseka.

Caixa ndiye inatigonjetsa tonse. Imafanana ndi ng'oma ya asilikali ija ya mawaya, koma mawaya ake ali pamwamba. Umamenya kanayi pa chiwerengero chilichonse, koma kanayiko sikofanana kutalika. Kwina kumafulumira pang'ono, kwina kumatsalira, ngati munthu woyenda motsimphina koma mokoma. Mnyamata wina amene amayimba m'bandi ya tchalitchi ndipo amawerenga manotsi anapempha kuti amulembere. Mtsikana wa caixa anapukusa mutu, n'kuyamba kuiyimba ndi pakamwa, n'kumuuza kuti abwereze mpaka lilime lizolowere, manja atsatira pambuyo. Umu ndi mmenenso malume anga anandiphunzitsira ine ku Jali. Tamborim, kang'oma kofanana ndi kambale ka ndiwo komwe amakatembenuza m'dzanja uku akukakwapula ndi kandodo ka pulasitiki, sindinakayese n'komwe. Agogô ndi mabelu awiri achitsulo, chocalho ndi chisekese chawo. Izi ana anazigwira tsiku lomwelo.

Ndiye pali cuíca. Kunja ndi ng'oma wamba, koma mkati muli kansungwi komangiriridwa pakati pa chikopa. Woyimba amalowetsa dzanja ndi kansalu konyowa n'kumakhula kansungwiko, chala cha dzanja linalo chikudinikiza chikopa kunja. Imalira ngati kagalu kopondedwa mchira, kenako ngati munthu akuseka. Agogo ena amene anakhala kumbuyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Mestre anati chida chimenechi makolo ake ndi a ku Angola ndi ku Congo, ndipo anafotokoza mwachidule kuti ku Brazil kunapita akapolo a ku Africa opitirira 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse la ku America, ndipo ukapolo unatha mu 1888. Ambiri anachokera ku Angola, koma zombo zina zinkanyamula anthu ku Quelimane, doko la ku Mozambique. Atatchula Quelimane mayi womasulira uja anaima kaye, n'kutiyang'ana, n'kuti, "Pompano apa." M'holo munakhala bata kanthawi.

Anatiuzanso kuti zomwe amati sukulu za samba si sukulu za makalasi ayi, ndi magulu a m'madera, monga Mangueira yomwe inayamba mu 1928. Amakonzekera chaka chonse kuti akapikisane pa msewu wa zionetsero wa Sambódromo womwe unamangidwa mu 1984, oweruza ali pambali kupereka mamalikisi. Ine pomva izi ndinkangoona beni. Nafenso tili ndi magulu a m'midzi opikisana, mayunifolomu, maudindo, mizere, ndi wezulo m'kamwa mwa mtsogoleri. Beni anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR), ndipo ife a mu Zomba, oyandikana ndi Cobbe Barracks, sitifunika kuuzidwa zimenezo.

Apa m'pomwe pali dandaulo langa lalikulu, loposa la bani lija. Chikalata chinati kudzakhala kugawana luso. Gulu la beni linaitanidwa, linabwera Lachisanu ndi ng'oma zawo pa kabaza, n'kudikira panja kuyambira masana. Anawapatsa mphindi khumi kumapeto, anthu atayamba kale kutuluka. Alendo aja anajambula pa mafoni, anaomba m'manja, galimoto n'kuliza hutala. Mtsikana wa caixa yekha ndiye anatsalira, n'kugwada pafupi ndi woyimba ng'oma yaikulu kuyang'anitsitsa manja ake, mpaka anzake anachita kudzamukoka. Sindikuganiza kuti ndi kunyada, nthawi yawo inali yopanikizika ndipo ndondomeko sanalembe ndi iwo. Komabe anthu owoloka nyanja yonse ija kufuna komwe ng'oma zawo zinachokera sayenera kuchoka mu Zomba osamva manganje, osagwirako ng'oma yofunda ndi moto. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wa samba de roda wa ku Bahia, ku Brazil, ndipo chaka chomwecho linalemekezanso gule wamkulu ndi vimbuza. Mphwanga atamuuza mestre zimenezi, anadabwa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, koma nafenso tinali ndi kathu m'thumba, sanatifunse.

Loweruka ndiye kunali gule. Anayamba ndi magitala ang'onoang'ono ndi nyimbo zapakamwa, zomwe masipika a m'holomo anaziononga. Nyimbo yachinayi ili mkati magetsi anathima. Anthu anayamba kudandaula, wina akuthamangira jenereta. Mumdima momwemo repinique inaitana, ma surdo n'kuyankha, ndipo alendo aja anatsika pa nsanja n'kutuluka panja akuyimba, ife pambuyo. Panja, popanda malata ndi masipika, m'pamene ndinazimva bwino ng'oma zimenezi koyamba. Surdo sumumva ndi khutu, umamumva m'chifuwa. Akabaza anaimika njinga pamsewu, alonda a mashopu oyandikana anasiya mageti. Amayi ena anamanga zitenje m'chiuno n'kuyamba kudula ngati ali ku chinamwali, ndipo zinagwirizana bwinobwino.

Chakumapeto anaitana ife ophunzira kuti tiyimbe nawo nyimbo imodzi. Muli malo ena omwe amati paradinha: mestre akakweza dzanja, ng'oma zonse zimaima nthawi imodzi, kumakhala zii, mumawerenga mumtima, kenako repinique imaitana ndipo nonse mumagwera limodzi. Tinayeserera kakhumi Lachisanu. Dzanja linakwera. Zii. Ndinamva mpaka achule a ku Likangala. Ndiye mkati mwa bata limenelo, pamaso pa anthu onse aja, mayi a kunyumba ali kutsogolo, kunamveka "du!" mmodzi yekha, wamkulu, wonenepa. Anali ine. Mestre sanatembenuke n'komwe, anangokweza chala chimodzi m'mwamba, anthu n'kufa nacho chiseko. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Chinamwali pali mnyamata wogulitsa tomato amene amandipatsa moni wa "du".

Akadzabweranso, kapena likadzabwera gulu lina lotere, woyimba ng'oma kale apite, aphunzitsi a magule m'masukulu apite, atsogoleri a makwaya apite. Ongofuna kusangalala agule tikiti ya dansi yokha, yomwe inali K5,000, asavutike ndi maphunziro. Funsani kaye kuti zida zilipo zingati musanalipire. Tengani thonje la m'makutu, chifukwa anga analira mpaka Lolemba, ndipo tengani kamba wanu. Timitengo ta caixa ankagulitsa K8,000 tiwiri. Kalipentala aliyense wa ku Mpondabwino angakusemereni.

Ng'oma zenizenizo anapita nazo, ndipo muno mulibe shopu yozigulitsa. Ndisanabweze segunda uja ndinamuyeza ndi chingwe, n'kuwerenga timizati take. Pano m'shedi mwanga muli mgolo wodula pakati, mikombero iwiri yomwe wowotcherera wina wandipindira, ndi chikopa cha mbuzi chomwe ndakunga ndi manati. Ndayesa kawiri. Koyamba mkombero unapindika, kachiwiri inalira, koma mawu ake akumveka chitini, chitsulo cha mgolo n'cholemera kwambiri. Sabata ya mawa ndiyesa chikopa cha ng'ombe yaing'ono, ndipo mwina ndipakapo kaphula pakati.