Mphasa ya yoga ya TPE: munthu imamukomera, koma zikhadabo za galu siziisiya

Nyenyezi 3 mwa 5. Mphasayi ndi ya TPE (mtundu wa pulasitiki wofewa ngati labala), yotalika masentimita 183, m'lifupi 61, yokhuthala mamilimita 6, yopanda dzina lodziwika, ndipo imabwera ndi kachingwe konyamulira. Yagwira ntchito miyezi itatu pakhonde la simenti mumzinda wa Tete, pansi pa munthu mmodzi wochita yoga limodzi ndi galu wamba wa makilogalamu pafupifupi 18.

Kwa munthu yekha ilibe chifukwa. Mawondo sapweteka pa simenti, ndi yopepuka, ndipo sinunkha kwambiri ngati mphasa zatsopano za pulasitiki ya PVC. Nkhani ya fungoyi musaipeputse. Mphuno ya galu imamva zimene ife sitimva, ndipo mphasa yonunkha pulasitiki amangoinunkhiza kamodzi n'kukadzigonera pafumbi. Ngakhale iyi, iyanikeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu musanamuitanirepo.

Pamene yagonja ndi pa zikhadabo. TPE ndi yofewa, ndiye galu asanagone amayamba wazungulirazungulira n'kupalasa. Akamadziwongola, miyendo yakutsogolo itatambalala, mbuyo ili m'mwamba, zikhadabo zimazika ndithu. Pofika sabata yachitatu mbali imene galu amagona inali itayamba kuyoyoka tizidutswa ngati nyenyeswa za buledi, ndipo tizidutswa totere kamwana ka galu kamatola n'kumeza. Mukamamva zikhadabo zikulira kuti tcha tcha galu akamayenda pa simenti, ndiye kuti zatalika. Ziwengeni pang'onopang'ono, mamilimita awiri pa nthawi imodzi, chifukwa mkati mwake muli mtsempha wa magazi, ndipo pa zikhadabo zakuda suoneka. Mukatero pindani kapulana pawiri muyale mbali ya galuyo. Kunena zoona masentimita 61 ndi ochepa kwa awiri, moti mkeka woyala pambali umathandiza kuposa kulimbirana malo.

Kutentha nako kuli ndi mlandu wake. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo mphasayi ikaiwalidwa padzuwa imafewa, m'mbali n'kupindika osabwereranso. Koma wodetsa nkhawa kwambiri ndi galu. Iye satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amangotuluka pang'ono kumapazi, ndipo amadziziziritsa popuma wefuwefu. Galu amene lilime lili panja sangadekhe, kaya mumusisite bwanji. Yambani isanakwane 7 koloko m'mawa, madzi akumwa ali pafupi. Ikani kuseri kwa dzanja pa simenti masekondi asanu: ikakuotchani, iyenso imuotcha. Anzathu a ku Ulongué ndi Tsangano vuto lawo ndi lina. M'miyezi ya Juni ndi Julayi simenti imazizira m'mawa, ndiye mamilimita 6 aja amagwira ntchito, mpaka galu amakulandani mphasa yonse.

Kachitidwe kamene mphasayi imapirira, galunso n'kukondwa nako, ndi kofatsa. Muyendetseni kaye mphindi 15 kuti akodze ndi kuphwetsa mphamvu, ndipo ngati wadya dikirani maola awiri. Khalani pansi mutapinda miyendo, galu agone patsogolo panu. Ikani chikhatho pachifuwa pake, kuseri kwa mwendo wakutsogolo, inu muzipuma mozama osafulumira. Werengani kupuma kwake: galu wodekha amapuma ka 15 mpaka 30 pa mphindi. Kenako msisiteni kuchokera pakhosi kutsika mpaka pamene mchira wayambira, ndi chikhatho chonse osati nsonga za zala, n'kumaliza ndi patsinde pa makutu. Mukagwada n'kugoneka chipumi pamphasa, manja atatambasulidwa kutsogolo, agalu ambiri amabwera okha kudzagona pambali. Mphindi 10 kapena 15 zakwana.

Zija mumaona pa Facebook, munthu atanyamula galu m'mwamba kapena akumukoka miyendo yakumbuyo ngati wilibala, zisiyeni. Galu sachita yoga, wochita ndinu, iye amangokhala nanu. Mfundo za kagalu kamene kakukula komanso za galu wokalamba sizichedwa kuvulala. Akayamba kuyasamula pafupipafupi, kunyambita milomo, kutembenuzira mutu kumbali kapena kupanira mchira, sikuti ali ndi tulo ayi, watopa nazo. Mlekeni achoke. Ndipo poti nkhope yanu imakhala pafupi ndi pakamwa pake, katemera wa chiwewe akhale kuti anabayidwa, nkhupakupa muzizifufuza m'makutu ndi pakati pa zala musanayambe.

Pa kutsuka ndiye yapezapo nyenyezi. Simwa madzi, choncho dovu ngakhale mkodzo zimangokhala pamwamba, mumapukuta basi. Timizere take toletsa kuterereka ndi timene timasunga ubweya ndi fumbi, ndipo okhala kufupi ndi migodi ya malasha ku Moatize adzaona kansalu kakuda bii. Kawiri pa sabata tengani madzi lita imodzi, sopo wotsukira mbale madontho ochepa, pukutani ndi kansalu, tsukuluzani, yanikani pamthunzi. Mukasiya sopo imaterera. Mankhwala opopera mphasa amene ali ndi mafuta a mtengo wotchedwa tea tree musawayandikize, mafutawo ndi poizoni kwa galu, ndipo iye amanyambita mapazi akachoka pamenepo.

Amene galu wawo ndi wamkulu, wofatsa, wowengedwa zikhadabo, atha kuigula. Amene ali ndi kagalu kosakwana chaka, kapena galu wopalasapalasa, afune mphasa ya labala, yolemera koma yolimbako, ngakhale nayonso sigwirizana ndi dzuwa. Mukamaliza ikulungeni muiike pamwamba, ndipo kachingwe konyamulira kaja mukabise, ndi kamene kamayamba kutafunidwa.