Kamakina kopopa mpweya m'ndowa ya ma yabby: kamathandiza, koma sikachapa madzi

Kwa ife owedza nsomba za whiting ndi bream ku Moreton Bay, gombe la pafupi ndi mzinda wa Brisbane ku Australia, nyambo yoposa yabby wamoyo sitinayione. Ndikunena wa m'madzi amchere, kanyama kofewa kapinki kotalika masentimita 5 kapena 6, kamene kamakumba una mumchenga, osati yabby wa m'madamu amene anthu amaphika. Chovuta chake ndi nthawi. Amapezeka nyanja ikaphwa, mchenga wa ku Pumicestone Passage kapena ku Broadwater ukaonekera, ndipo kuphwa kwa nyanja kumachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Ndiye nthawi zambiri ndimapopa ma yabby (kuwatulutsa mu una ndi pampu ya pamanja) madzulo, kuwedza n'kukhala kwa m'mamawa. Usiku wonse amakhala m'galaja mwanga, ndipo n'chifukwa chake ndinagula kamakina kamabatire kopopa mpweya m'madzi.

Ndi kaja kotchipa kopezeka m'masitolo a zipangizo zowedzera: kabokosi kapulasitiki kolowa mabatire awiri a D, kachitsulo kokolekera pamlomo wa ndowa, kapaipi kofewa, ndi kamwala kotulutsa thovu kumapeto kwake. Kanga sikanafike madola 30 a ku Australia. Dzina la kampani silofunika, chifukwa tambiri ta mtunduwu timafanana, kusiyana kwake ndi utoto basi.

Ntchito imene anakapangira kamaigwira. Ndisanakagule, ma yabby ogona m'ndowa m'chilimwe ankadzuka atafooka, ena atagona chagada, timiyendo tikungogwedera. Madzi otentha sasunga mpweya wokwanira, ndipo Brisbane ya mu January, masana kutentha kukafika madigiri 30, galaja silizizira ngakhale pakati pa usiku. Ndi kamakinaka, m'mawa ndimapeza ambiri akusambira, ndipo ndikamabaya mbedza kumchira amapalapata. Whiting amafuna zimenezo. Yabby wakufa amafewa msanga, mukangoponya chingwe mwamphamvu amathothoka, mbedza n'kufika m'madzi yokha.

Koma musanamizidwe ndi thovu. Kamakinaka kamangolowetsa mpweya, zonyansa sikachotsa. Ma yabby amatulutsa amoniya m'madzi, ndipo mmodzi akafa n'kuyamba kuola amaonjezera poizoniyo mofulumira. Mumatha kuona ndowa ikuwira thovu bwinobwino koma m'katimo zinthu zitaonongeka kale. Chizindikiro chake ndi madzi oyererako ngati mwadonthezamo mkaka, kafungo, ndi thovu losaphulika lounjikana m'mbali. Mukaona zimenezo sinthani madzi nthawi yomweyo, apo ayi kukacha mupeza phala.

Choncho amene akugula kamakinaka agulenso chigubu. Ine ndimatunga malita 20 a madzi a m'nyanja pamalo pomwe ndapopa, makamaka madzi akamadzaza chifukwa amakhala oyera, osati a m'zithaphwi zimene zakhala padzuwa. Ndisanagone ndimakhuthula theka la madzi a m'ndowa n'kuthiramo atsopano, m'mawa chimodzimodzi. Chigubucho chimakhala pambali pa ndowa kuti madzi onse atenthe mofanana, poti kuwasintha mwadzidzidzi kuchoka m'madzi ofunda kupita m'ozizira kumawafoola. Madzi a pampopi musayese n'komwe. Alibe mchere, ali ndi klorini. Ndipo nthawi iliyonse ndikadutsa pandowapo ndimachotsa akufa, olumala, ndi zopanira zothothoka. Amuna ali ndi chopanira chimodzi chachikulu, ndipo akapanikizana amathyolana nacho. Chopanira chogwera pansi chimaola ngati mwini wake.

Kusamala kumayambira kunyanja komweko. Yabby amene waphwanyika potuluka mu pampu sachira, kaya mum'patse mpweya wotani. Pampu yanga ndi yachitsulo ya Alvey, ndipo ndimalavulira mchenga m'sefa yoyandama pamadzi m'malo momwaza pamchenga wouma. Ophwanyika ndimawedzera tsiku lomwelo, aakazi onyamula mazira ndimawabwezera, ndipo mchenga sindilowetsa m'ndowa chifukwa umabisa akufa. Ndimasambanso m'manja ndisanawagwire ngati ndadzola mafuta oteteza kudzuwa kapena othamangitsa udzudzu.

Tsono zokhumudwitsa za kamakinaka. Phokoso ndi loyamba: kakakhudza ndowa kamalira mosalekeza, moti aliyense wogona chipinda choyandikana ndi galaja adzakufunsani kuti mwayamba bizinesi yanji. Ndimakaika pakansalu kopindapinda pashelefu, phokoso n'kuchepa. Pamenepo pali phindu lina: kakakhala pamwamba pa madzi, mabatire akatha madzi sangabwerere m'kapaipi n'kulowa m'makina. M'paketi mulibe vavu yoletsa zimenezo, ndipo m'malangizo a kanga sanazitchule.

Chachiwiri ndi dzimbiri. Thovu likamaphulika limawaza timadontho ta mchere, ndipo kachitsulo kokolekera ndi timasipuling'i ta mabatire timachita dzimbiri msanga. Pa chinthu chogulitsidwira anthu a m'madzi amchere, apa anaumira. Ndimachotsa mabatire ndikamaliza, n'kupukuta m'katimo. Kamwala kamene kanabwera nako kamatulutsa thovu lalikulu lomwe limagubuduza ma yabby m'ndowa, pomwe ndi nyama zofuna kukhala phee pansi. Ndinagula kamwala kena ka thovu laling'ono m'sitolo ya nsomba zoweta, n'kupana kapaipi pang'ono ndi chopanira zovala. Mabatire abwino amatha usiku wonse osavuta, koma amatha mwakachetechete: thovu limangochepa pang'onopang'ono, simudziwa. Ngati pakhomo pali magetsi pafupi, kamakina ka thanki ya nsomba zoweta n'kabwino kuposa aka, ndipo ka mabatire kazikhala ka m'galimoto ndi m'boti.

China chimene ndinaona n'chakuti chotengera chimaposa makina. Ndowa yakuya imaunjika ma yabby pamalo amodzi. Nditawasamutsira mu esky (bokosi losungiramo zinthu zozizira) yotakata, madzi osapitirira chikhatho kuya kwake, chivundikiro chotsegula pang'ono, imfa zinachepa kwambiri. Kukatentha ndimaikamo botolo lotseka la madzi oundana, lokulunga m'nsalu, kuti lizizire pang'onopang'ono. Ayezi wamba ayi, akasungunuka amasukulutsa mchere.

Musadzazitsenso. Ku New South Wales, chigawo choyandikana ndi chathu cha Queensland, lamulo limalola munthu mmodzi ma yabby 100, ndipo ku Moreton Bay Marine Park kuli madera obiriwira pamapu kumene kutola nyambo n'koletsedwa, choncho onani mapu musanatsitse pampu. Koma ngakhale lamulo litakulolani, 100 m'ndowa imodzi ya malita 10 ndi ochuluka kwa kamakina aka. Theka lake limagona bwino.

Kodi ndingakalimbikitse? Kwa wopopa madzulo n'kuwedza m'mawa kapena mkuja, inde, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ulendo wobwerera kunyanja. Wofuna kusunga ma yabby sabata yathunthu akufunika thanki yokhala ndi sefa, kapena msana wonyamulira zigubu tsiku ndi tsiku. Ndipo amene amapopa n'kuwedza pamalo omwewo asataye ndalama, azingotunga madzi atsopano ndi ndowa yakeyo.