Ubuntu kapena Linux Mint: woyamba atenge iti?

Malaputopu ambiri amene ana asukulu amanyamula muno mu Chipata ndi ogula kwa ena, okalamba kale. N'chifukwa chake pa Ubuntu ndi Linux Mint, mapulogalamu awiri oyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ine ndimati yambani ndi Linux Mint.

Mint inayamba mu 2006, ndipo inamangidwa pa Ubuntu yomweyo. Maonekedwe ake a Cinnamon amafanana ndi Windows: menyu ili pansi kumanzere, mafoda ali pomwe munawazolowera. Imayenda ngakhale pa RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiye yabwino. Makina akakhala ofooka kwenikweni, tengani Mint ya Xfce, yomwe ndi yopepukirapo. Fayilo yoikira ndi pafupifupi 3GB, pomwe ya Ubuntu 24.04 imayandikira 6GB. Amene amagula mabandulo a intaneti ndi ndalama zakezake akudziwa kuti kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Ubuntu sindikuinyoza ayi. Inatuluka mu 2004, yochokera ku kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Mtundu wake wa LTS, wosamalidwa nthawi yaitali, umatuluka zaka ziwiri zilizonse, n'kusamalidwa zaka 5. Ngati mukufuna kudzagwira ntchito ya maseva (makompyuta osunga mawebusayiti ndi zina zotero), iphunzireni. Koma maonekedwe ake, otchedwa GNOME, amalemera pa makina, ndipo amafuna kuzolowera.

Musanafufute Windows, yesani zonse ziwiri kuchokera pa flash, muone ngati Wi-Fi ndi mawu zikugwira.