Nungwi kapena Paje: kokapumula ulendo wautali ukatha

Mwayenda miyezi chikwama chili kumsana, mapazi atupa, ndipo mwafika ku Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania. Mukapumule kuti?

Nungwi ndi Paje ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja. Nungwi ili kumpoto kwenikweni kwa chilumbachi, Paje ili kum'mawa chakummwera. Konseko mumafika pa daladala (minibasi za kumeneko) kuchokera ku Stone Town, dera lakale la mzinda waukulu wa pachilumbachi.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Ku Nungwi nyanja siiphwera kutali, mumasambira nthawi imene mwafuna. Ku Paje ikaphwa imathawa patali ndithu, n'kusiya mchenga woyera ndi minda ya ndere imene amayi amalima. M'pokongola, koma kwa munthu wotopa amene akungofuna kuviika thupi, kudikira kuti madzi abwerere kumawawa.

Mtengo: ku Nungwi mahotela akuluakulu ndi ambiri, ku Paje zipinda zotchipa zogonamo anthu angapo sizisowa.

Mphepo: ku Paje imawomba kwambiri kuyambira June mpaka September, n'chifukwa chake a kitesurfing (masewera oyenda pamadzi uli pa thabwa, kaiti ikukukoka) amadzazako.

Dzuwa: ku Nungwi mumaliona likulowa, ku Paje likutuluka.

Ngati thumba lapepuka ndipo mphamvu zilipo, Paje ikuyenerani. Amene thupi lafookeratu, ine ndingamutumize ku Nungwi, ngakhale kuli anthu ambiri.