Nielsen kapena Ipsos, manambala a ndani tiziwakhulupirira?

Anzanga amene mumasaka ma advert a pa wailesi kapena pa TV mukudziwa, kasitomala akangofunsa kuti "pulogalamu yanuyi amamvera anthu angati" pamafunika pepala la kafukufuku osati pakamwa pokha. Makampani a kafukufuku amene amamveka kwambiri ndi awiriwa, Nielsen ndi Ipsos, koma anthu amangowasakaniza ngati ndi amodzi pomwe kagwiridwe kawo ka ntchito nkosiyana.

Nielsen ndi nkhalamba, Arthur C. Nielsen anaiyambitsa ku Chicago mu 1923 ndipo mawu aja akuti market share (gawo la msika limene kampani ili nalo) amene timangowatchula m'mamiting'i anayamba ndi iyeyu. Anayamba kuwerengera oonera TV mu 1950. Mphamvu yawo ndi makina, amasankha mabanja nkulumikiza kachipangizo pa TV kotchedwa people meter, aliyense m'nyumbamo ali ndi batani lake, ukakhala pansi kuonera umadina basi. Ku America mitengo ya ma advert imatsatira manambala amenewa, ku South Africa nakonso anayeza TV kwa zaka zambiri.

Chimene chimandivuta ine ndi eni ake. Kampaniyi yadutsa m'manja ambiri zedi, Dun & Bradstreet mu 1984, kenako VNU ya ku Netherlands, 2006 gulu la makampani ogula mabizinesi, 2011 inalowa pa msika wa masheya ku New York, 2022 gulu lotsogozedwa ndi Elliott ndi Brookfield linaigula pa madola 16 biliyoni nkuichotsanso pa msikapo. Ndiye kuti lero mabuku ake saonekera poyera ngati kale. Komanso mu 2021 mbali yowerengera zogulidwa m'mashopu inagulitsidwa kwa Advent International pa madola 2.7 biliyoni, pano ndi NIQ, ndiye wina akakuuzani kuti "awa ndi manambala a Nielsen" pa nkhani ya sopo ndi shuga mufunseni kuti Nielsen yake iti, ndi makampani awiri amenewo. Makina nawonso amaphonya, chaka chomwecho bungwe la ku America lounika makampani owerengera oonera la Media Rating Council linaimitsa kaye chivomerezo cha Nielsen atapezeka kuti nthawi ya Covid anawerengera oonera ochepa kusiyana ndi amene analipodi, anawabwezera mu 2023. Tangoganizani ndalama zimene ma TV anataya pamenepo.

Ipsos ndi ya ku Paris, Didier Truchot anaiyambitsa mu 1975 ndipo ili pa msika wa masheya kuyambira 1999, aliyense atha kuona mmene ndalama zake zikuyendera. Inakula pogula anzake, MORI ya ku Britain mu 2005, Synovate mu 2011, ndipo Synovate yo inali itagula kale Steadman ya ku Kenya mu 2008, apa mpamene anazika mizu kuno ku Africa mpaka ku Lusaka. Iwowa kwambiri amafunsa anthu, pamaso kapena pa foni kapena kukupatsa kabuku uzilemba zomwe wamvera. Vuto lake ndi loti munthu amaiwala, amatchula siteshoni imene amaikonda kusiya imene anaimvera ola lathunthu mu minibasi, ndipo ngati ofunsawo anangozungulira m'tauni ndiye kumudzi konse kwasowa mu lipotilo.

Ngakhale zili choncho kwa ife ndimasankha njira ya Ipsos. Kachipangizo ka Nielsen kamafuna magetsi okhazikika ndi banja lokhala pa TV yakeyake, pomwe kwathu wailesi ili pa foni, kumunda, pa golosale, ndipo mpira umaoneredwa ndi chigulu cha anthu mu video show pa TV imodzi, adine batani ndani pamenepo? Koma lipoti la wofunsa aliyense musanalipire funsani kuti anafunsa anthu angati, maboma ati, mwezi uti komanso anagwiritsa ntchito chilankhulo chanji, akayamba kuzemba mafunso amenewa ine sindigula.