Dikoda ya blind scan ndi dishi ya 1.8m: imagwira ma feed, koma si onse ooneka

Kwa amene mukufuna ma feed, zithunzi zosakonza zija zimene atolankhani ndi ojambula mpira amatumiza ku situdiyo kudzera pa setilaiti, dikoda ya DVB-S2 (mtundu wa siginolo ya TV ya pa setilaiti) yopanda dzina lodziwika imene ikupezeka m'mashopu a ku Kamwala, mu Lusaka, ikugwira bwino ntchito. Mphamvu yake ili pa blind scan, kutanthauza kufufuza yokha matchanelo popanda kuipatsa ma frequency. Feed sikhalitsa, imayaka masewero akayandikira n'kuzima akatha, ndiye kulowetsa ma frequency pamanja n'kutaya nthawi. Iyi imasesa yokha, ndipo imatola ngakhale symbol rate (liwiro limene siginolo imatumizidwira) yotsika ngati 3333 kapena 7200, imene madikoda ena amangoidumpha.

Kuno ku Lusaka dishi imayang'ana chakumpoto. Setilaiti ya Intelsat 20 ya pa 68.5°E ili chakum'mawa, kukweza madigiri pafupifupi 41. Pa C-band (ma frequency otsika a setilaiti) dishi ya 90cm musavutike nayo, yambirani pa 1.8m, ndipo LO, nambala ya LNB (kachida kolandira siginolo ka kutsogolo kwa dishi) imene mumalowetsa mu dikoda, ikhale 5150. Pa Ku-band (ma frequency okwera) sankhani Universal, 9750/10600. Mukasokoneza manambala amenewa sikani imatha osapeza kanthu, munthu n'kumati dikoda ndi yakufa.

Chokhumudwitsa ndi ichi, ndipo ogulitsa ayenera kumanena poyera. Ma feed ambiri a masewero amabwera mu 4:2:2 (kasungidwe ka mitundu ya chithunzi kapamwamba), pomwe dikodayi imangomva 4:2:0. Siginolo imadzaza, mawu akumveka, koma sikirini bii, kapena chithunzi chong'ambikang'ambika. Vuto si dishi ayi, musakwerenso padenga. Jambulani feedyo pa flash ya USB mukaitsegule pa kompyuta ndi pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC. Dikoda ikalemba kuti Scrambled, imeneyo eni ake anaitseka, kawirikawiri ndi loko wa kodi wotchedwa BISS; isiyeni.

Chingwe chimene amapereka m'bokosi n'chopyapyala kwambiri. Gulani chingwe cha RG6, ma F-connector (zolumikizira chingwe) akunja muwakulunge ndi tepi, chifukwa madzi akalowa amachita dzimbiri ndipo 18V, magetsi amene dikoda imatumiza ku LNB posankha mbali ya horizontal, imagwa, mbali imodzi yokha n'kumagwira. Mvula ya November mpaka March imadula Ku-band msanga, C-band imapirira. Ngati C-band ikudukaduka kunja kuli kowala, yang'anani ngati pafupi pali nsanja ya 5G, LNB yokhala ndi fyuluta imathandiza.

Dishi ya 1.8m ija ndi ya zidutswa, choncho musamange mabawuti kotheratu mpaka zonse zitalumikizana, apo ayi imapindika. Mzati muukwirire ndi simenti, mphepo ya August imaisuntha.