Mlomo ukakana lipenga: zimene akuona ku Göttingen

Abale kumudziko, makamaka inu oliza malipenga m'mabandi a apolisi, asilikali ndi a kumpingo, tamvani za kuno ku Germany.

Pali matenda otchedwa embouchure dystonia. Munthu woti waliza lipenga zaka zambiri amangoona mlomo ukunjenjemera, ukukokekera mbali imodzi, kapena ukumangika pamene akuti ayambe kuliza. Kawirikawiri sumapweteka. Poyamba amadya ndi kulankhula bwinobwino. Vuto limadza akangogunditsa mlomo pa lipenga, ndipo limayambira pa manoti ochepa, okwera okha kapena otsika okha. Gwero lake lili mu ubongo, pamalo olamulira milomo, nsagwada ndi lilime.

Ku Max Planck, bungwe lofufuza za sayansi mu mzinda wa Göttingen, gulu la a Jens Frahm linapeza njira yoti makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, azijambula ngati kanema, zithunzi 30 kapena kuposa pa sekondi. Ofufuza ena, a Peter Iltis a ku America ndi a Eckart Altenmüller a ku Hannover kuno ku Germany, anagwiritsa ntchito njirayi poona m'kamwa mwa oliza lipenga lotchedwa horn. Poti maginito a makinawa amakoka chitsulo mwamphamvu, lipenga wamba sililowamo. Anachita kupangitsa lapadera: koikira mlomo ndi paipi n'zapulasitiki, kukamwa kwake n'kwa mkuwa wosakokedwa ndi maginito. Woliza amagona chagada, mutu ataukhazika kuti usagwedezeke, makutu atatseka, n'kumakwera manoti limodzilimodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Mwa akatswiri abwinobwino, lilime limasendera kutsogolo ndi m'mwamba noti ikamakwera, mpata wa m'kamwa n'kumachepa mwadongosolo. Mwa odwala, lilime silitsata bwino dongosololi. Mphunzitsi woyang'ana kunja sangazione zimenezi, n'chifukwa chake ambiri amangouzidwa kuti alimbikire kuyeserera. Ife tikuti malangizo amenewo ndi oopsa, pakuti kukakamiza kumazika mizu ya vutolo.

Mlomo ukamapweteka kapena kutupa, mwina ndi mnofu wavulala, ndipo chithandizo chake n'china. Ukamakana popanda ululu, siyani kukakamiza, muonane ndi dokotala wa ubongo ndi mitsempha, lipenga lili m'manja, kuti akuoneni mukuliza. Ena amapatsidwa mankhwala otchedwa trihexyphenidyl. Jakisoni wa botulinum, wofooketsa minofu yokungika, sathandiza kwenikweni pamilomo monga amachitira matenda otere akagwira zala. Ambiri amayambiranso kuphunzira kupuma ndi kuliza pang'onopang'ono, kwa miyezi ngakhale zaka, ndipo si onse amabwerera pomwe anali.